Kabotolo ka Apongozi

Lolemba, 4 Ogasiti

Kabweranso. Kachilombo komwe kaja ka zilonda za m'mimba. Chaka chatha ndinameza mapilisi masabata awiri, m'kamwa mukuwawa ngati ndikunyambita msomali, osaphonya n'limodzi lomwe. Atandiyezanso anati katha. Lero kali mommo, ndikangowerama pa makina osokera kayamba kundiluma.

Ndafunsa adokotala kuti kachokeranso kuti. Akuti mwina kanangobisala, mwina ndakatenganso kwa amene ndimadya nawo. "Onse a pakhomo ayezetse." Andipatsa timabotolo tiwiri toikamo chimbudzi, ka bambo a mwana ndi ka apongozi. Ine ameneyu ndikapemphe apongozi chimbudzi chawo, m'nyumba mwawo momwe.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Timabotolo tikadali m'chikwama, pansi pa nsalu za makasitomala.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Maso anga sakuchoka pa apongozi (muno ndiziwalemba Ap.). Amalawa ndiwo n'kubwezera chipande mumphika. Podyetsa mwana amayamba aika supuni m'kamwa mwawo kuti amve ngati phala lazizira. Kale ndinkati chikondi, lero ndikuchita mantha. Mwana wa zaka ziwiri angapirire ululu umenewu?

Ndilankhule, ndine wamwano. Ndikhale chete, ndapereka mwana wanga. Khitchini ndi yawo, mipando ndi yawo, ngakhale chingwe choyanikapo thaulo langa n'chawo. Kopumira ndi m'bukhu muno basi.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndawauza bambo a mwana. Aseka. "Ine m'mimba mwanga mumagaya ndi miyala yomwe. Wodwala ndiwe." Za amayi awo ati ndione ndekha chochita. Bambowa pa nyama amakhala patsogolo, pa nkhani yovuta amasanduka mlendo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndaiputa. Ndatsomphola supuni m'manja mwa Ap., mlamu wanga wa nyumba yoyandikana nafe ali pompo akuona. Mawu anangokhuthuka okha: za kachilombo, za kabotolo, mpaka kunena kuti akutidwalitsa ndi iwowo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Ndalera ana asanu ndi pakamwa pomwepa, amake mwana." Kenako anatambasula dzanja. Ine n'kuwapatsa supuni ija.

"Ayi. Kabotoloko."

Lamulungu, 10 Ogasiti

Ap. achotsa mbale yawo, kapu yawo ndi supuni yawo pa shelefu, akudyera kuchipinda. Mwana akumenya chitseko chawo ndi tizikhatho, iwo osatsegula. Bambo a mwana akweza wailesi. Mlamu wasiya kundipatsa moni.

Mapilisi atsopano tsiku lachisanu ndi chiwiri. Nseru. Ndipo ndikawamaliza ndidzabwerera patebulo lomweli.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndasoka mkono wa diresi motembenuza, kasitomala wandinyogodola. Ap. anapita okha kuchipatala, anakana kuti ndiwaperekeze.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ap. atuluka kuchipinda nthawi ya chakudya, pepala lili m'manja. Analiika pambali pa mbale yanga. "Werengani mokweza, maso anga ndi akale."

Alibe. Kachilombo alibe.

Ndinawerenga kawiri, ndikusowa poika maso. Ndinatsika pampando kuti ndigwade, iwo anati dzukani, za ine ndi inu tikamba bwino tsiku lina. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana mwana wawo, mwamuna wanga, amene nthawi yonseyi anali atanyamula mwana wathu pamiyendo, akupsontha tiyi n'kumumwetsako pakapu yomweyo, monga amachitira tsiku lililonse. Ine sabata yathunthu maso pa supuni ya nkhalamba, kapuyi osaiona.

"Iwe, ika pansi kapuyo," anatero Ap. "Mawa m'mawa kuchipatala. Ndikuperekeza ndine."

Bambo a mwana anatembenukira kwa ine, nkhope yopempha thandizo. Sindinawathandize. Ndinangowalanda mwana n'kumupereka kwa agogo ake.