Munthu wa Kuseri kwa Waya

Lolemba, 6 Malichi 1989

Mvula kuyambira m'mawa. Bwalo la basiketibolo madzi okhaokha, takolopa ndi masaka.

Mphekesera ija ndi yoona. Aphunzitsi onse ochokera kumpoto abwerere kwawo, lamulo lachokera kumwamba. Pakoleji pano alipo atatu. Mmodzi ndi a Howard Msowoya, kochi wathu. A Pulinsipo andiitanira mu ofesi: kuyambira lero timu ili m'manja mwanga, a Msowoya asapondenso pabwalo, azingodikira lole yowatengera kwawo.

Zaka khumi ndi chimodzi ndili wothandizira wawo. Wopopa mipira, wonyamula ndowa ya madzi, wolemba zigoli. Ndinene zoona poti palibe akundimva: potuluka mu ofesimo mtima unali myaa. Ndafika pakhomo ndikuimba kamluzu. Mkazi wanga Janeth wangondiyang'ana, ndasiya.

Lachitatu, 8 Malichi

Koyamba kuphunzitsa ndekha. Anyamata ozizira, mpira kumangowapulumuka m'manja. Kalisto, kapiteni, wafunsa ngati a kochi abwera. Ndamuyankha kuti kochi ndi amene akumuonayu. Mawu anditulukira ngati a tambala wongoyamba kulira.

Ndinabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ndikungodziwa mpira wamiyendo. Tsiku loyamba ndinaumenya theche mpira wa basiketi, a Msowoya anaseka mpaka kukhala pansi. Mawa lake anandipatsa wezulo. Simenti ya bwaloli tinathira tonse, ana akututa mchenga wa kunyanja pamutu. Matabwa a zigoli tinachotsa kuboti lakale ku Nkopola. Maukonde anatilukira ndi mlamu wawo, msodzi, kuchokera ku khoka la chilimira long'ambika.

Zikho ziwiri za chigawo. Pazithunzi zonse ine ndili kumapeto, phewa limodzi silinalowe. Koma amene anaphunzitsa anyamatawa kutchinga ndine. Yasini, wamtali uja, ndinamupeza ndine akuthyola mango osakwera mumtengo. Zimenezi a Msowoya ankazinena pagulu nthawi zonse. Sanandibisepo. Ndiye chikundiwawa n'chiyani?

Lachisanu, 10 Malichi

Akuti pali anthu akuona amene akulowa m'nyumba za aphunzitsi atatu aja. Kaya n'zoona. Palibe akufuna kuyesa. Ndayamba kudzera kuseri kwa khitchini ya koleji popita kubwalo, matope mpaka m'mawondo, kuti ndisadutse pakhomo pawo.

Komabe ndakumana ndi akazi a Msowoya, mayi Ajira, pampopi. “Alamu, mwatisowa,” basi. Ine ndayankha za mvula. Za mvula!

Iwo ndi a ku Lungwena konkuno. Kumpoto sanapondeko. Ana anayi, onse olankhula Chiyao ndi Chichewa. Ku Rumphi, kwawo kwa amuna awo, akakhala alendo ndi iwowo.

Lamulungu, 12 Malichi

Kutchalitchi ndakhala mbali ina. Popatsana mtendere ndinali kalikiliki ndi chingwe cha nsapato.

Janeth wakhala tsiku lonse kwa a Msowoya, kukulunga mbale m'manyuzi. Alibe mantha mkazi ameneyu, kapena alibe nzeru, sindikudziwa. Ndamuuza kuti aganizire ntchito yanga. Akuti, “Bambo a Lonely, khosi lanulo lakuyambani liti? Kumanja likutembenuka bwinobwino, kumanzere ayi.” Nyumba yawo ili kumanzere kwa yathu.

Sindinadye. Wandisiya.

Lachinayi, 16 Malichi

Loweruka ndime yomaliza ya chikho, pabwalo pathu pano, ndi anyamata a ku Zomba. Mlendo wolemekezeka ndi mkulu wa chipani wochokera kuboma. Amayi akuyeserera kale nyimbo.

Lole sinabwerebe. Masana aliwonse a Msowoya akumaima kuseri kwa waya, pansi pa mtengo wa bwemba, ambulera m'manja. Salankhula. Sakodola aliyense. Sakuphwanya lamulo, pabwalo sakupondapo. Koma mnyamata akagoletsa amayang'ana kumeneko, akaphonya amayang'ananso komweko. Ine ndikukuwa pakati pabwalo, mawu akungopita ndi mphepo.

Lero ndawathamangitsa kuzungulira bwalo mpaka Yasini wasanza. Popanda chifukwa. Chifukwa chake ndikuchidziwa ine.

A Pulinsipo anditsina khutu kuti tikatenga chikho, nyumba ya a Msowoya idzakhala yanga. Ya magetsi. Janeth sindinamuuze.

Loweruka, 18 Malichi

Tapambana. Chikho chachitatu. Chili patebulo apa, Lonely wathiramo maluwa.

Ndilembe mmene zayendera.

Chigawo choyamba atikwapula. Nambala 9 wawo, kamnyamata kakafupi, kumangotidutsa ngati tabzalidwa. Ndasintha uyu, ndasintha uyo, palibe chaphindu. Mutu unaima. Popuma anyamata andizungulira, thukuta kamukamu, koma maso onse pamwamba pa phewa langa, kubwemba.

Mlendo uja anaziona. Ananong'oneza a Pulinsipo, a Pulinsipo anandikodola. Mawu awo: “A Macloud, kauzeni munthu uyo achoke. Akutichititsa manyazi.”

Akanatha kutuma mlonda. Anatuma ine. Ndipo ine ndinapita, koleji yonse ikuona, amayi atasiya ndi kuimba komwe. Ndinaima mbali ino ya waya, iwo mbali inayo. Chomwe ndinanena ndi ichi, ndichilembe chisadzasinthe m'mutu: “Achimwene, mukufunidwa kuti muchoke pano.” Mokweza, kuti akumpando amve.

Sanadabwe. Anapinda ambulera pang'onopang'ono, maso pansi, milomo osaigwedeza kwenikweni. “Nambala 9 alibe dzanja lamanzere. Muikireni Kalisto, amutsekere kumanja. Yasini asachoke pansi pa goli.” Kenako anatembenuka, ulendo.

Ndinachita zomwezo. Kamnyamata kaja kanathera pomwepo. Yasini anatola mpira uliwonse. Tawapitirira kutatsala pang'ono kuti masewero athe.

Anyamata sanandinyamule. Chaka chatha anatinyamula tonse awiri mpaka kunyanja.

Mlendo polankhula wati taonani, ana a kuno akutha okha, sitikusowa wotiphunzitsa. Wandigwira chanza nthawi yaitali. Andipatsa mpata woti ndinenepo mawu. Ndathokoza boma, ndathokoza a Pulinsipo, amayi oimba, ngakhale ophika tiyi. Dzina limodzi linali pakamwa penipeni. Ndalimeza.

Pachithunzi cha lero ndili pakati.

Lamulungu, 19 Malichi

Sindinapite kutchalitchi. Ndati mutu.

Aliyense wodutsa, “A kochi! A kochi!” Dzina lomwe ndalilakalaka zaka zonsezi. Likundiyabwa thupi lonse.

Janeth wamva za nyumba kwa akazi a Pulinsipo. Akuti ndikalowemo ndekha, iye nyale yake ya parafini siinamulakwire.

Ndinavala nsapato madzulo kuti ndipite. Mawu ndinakonza: pepani, komanso zikomo. Awiri okha. Ndafika pampopi, ndaona njinga yachilendo itatsamira mtengo pafupi ndi nyumba yawo, ndabwerera. Janeth akuti ndi ya mlamu wawo msodzi uja, anabweretsa utaka wouma wa paulendo. Ndathawa njinga ya msodzi, ine munthu wamkulu, wa ana atatu.

Mawa ndipita.

Lolemba, 20 Malichi

Sindinapite. Lole akuti mawa.

Lachiwiri, 21 Malichi

Yafika masana, imodzi ya mabanja atatu. Janeth ndi ana anali komweko kukweza katundu. Ine ndinaitanitsa anyamata pabwalo, ati kukonzekera masewero a dziko lonse. Ndani amakonzekera patangopita masiku atatu chitengereni chikho? Ndimafuna pobisala basi.

Ndinaiwala kuti msewu umadutsa m'mbali mwa bwalo.

Lole yatulukira pang'onopang'ono, ikuterera m'matope. Pamwamba matilesi, mitondo, nkhuku m'dengu. Mayi Ajira atafunda chitenje kumutu. A Msowoya atakhala pa mtolo, nsana kubwalo. Ndikhulupirira anachita dala, kuti asativutitse.

Yasini ndiye anayamba. Waponya mpira pansi, walumpha waya. Kalisto pambuyo. Kenako onse, kuthamanga m'mbali mwa lole, kumenya mabodi ndi manja, ena akulira poyera, anyamata a ndevu zawo.

Ine ndekha pakati pabwalo. Pakhonde la ofesi a Pulinsipo ataima, manja kumbuyo, akuyang'ana ine, osati lole.

Ndinaliza wezulo. Katatu, mwamphamvu, kuti anyamata abwerere. Kuti a Pulinsipo aone kuti ine sindili nawo.

Palibe mnyamata anacheuka. Anacheuka ndi a Msowoya. Anandiona, nkhope yonse inamasuka. Anadzuka pa mtolo paja, lole ikugwedezeka, akazi awo atawagwira thalauza kuti asagwe, anavula chipewa n'kuyamba kundibayibitsa. Ankaseka. Sanatsitse mkono mpaka lole inakhota.

Akuganiza kuti ndimawatsanzika. Apita nazo ku Rumphi zimenezo, akauza anthu kuti Macloud pomaliza anawatsanzika ndi wezulo.