Pikiapu ya Davie Isachoke Pakhomo

Mzuzu,
Lolemba.

Achemwali anga a Bibiana,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Kadewere? Msana uja unasiya? Kuno tilipo, kungoti mvula ya ku Mzuzu siyang'ana mwezi, ndiye kugalaja timagwira ntchito m'matope. Kalatayi akundilembera ndi a Chrissy oyandikana nawo nyumba, ine ndikungoyankhula, ndipo ndawapempha kuti asachotsepo liwu.

Nkhani ndi ya pikiapu ya mwana wanu Davie. Dzulo ndinamuimbira foni kufunsa za chinkhoswe cha mlongo wake Tracy cha Loweruka lino, ndipo m'kati mocheza ndi m'mene anatulutsa zoti galimoto yakhala ikutentha milungu itatu. Milungu itatu, achemwali, ine malume ake osauzidwa! Galimoto imeneyo ndinakasankha ndine ku Limbe, mpaka ndinagona pansi pake ndi malaya a kutchalitchi. Akuti anapita nayo kwa makaniko wina wa pa Namadzi, dzina lake Ahmed. Akuti a Ahmedwo amamva matenda a injini ndi khutu lokha. Dzinalo analitchula kasanu, ndinkawerenga. Ine ndatha zaka makumi anayi m'mainjini a dizilo, koma Davie sanayamikirepo khutu langa.

Ndinamufunsa pang'onopang'ono chimene anachita eni khutuwo. Akuti anachotsa themositati, kachitseko kaja kamatsegulira madzi injini ikafunda, n'kukataya. Atatero anaswera mazira awiri mu rediyeta, ati atseke pobooka. Zimenezo ndimazidziwa, nanenso ndinachitapo panjira kuti ndingofika, koma si mankhwala ayi. Singano yoonetsa kutentha itatsika masiku awiri, Davie anakathokoza ndi tambala. Kodi ndi wofiira uja ndinamuona pa Pasaka, munati ngosadyedwa?

Ndinafunsanso za madzi. Akuti amathira chigubu popita, chigubu pobwera, koma pansi sipadontha kanthu. Za utsi anati ukumatuluka woyera akaliza m'mawa. Kenaka anaulula kuti tsiku lina galimotoyo inabwata pachitunda itanyamula nandolo, iye n'kuthira pomwepo madzi ozizira a pamjigo. Apo ine ndinakhala pansi. Nditangoyamba kumufotokozera, anati batire la foni latha. Ndiye ndalemba, kuti wina akuwerengereni nonse mutaima pagalimotopo.

Madzi akamatha koma osadontha, ndiye kuti injini ikumwa. Pakati pa hedi, chomwe ndi chivundikiro cha injini, ndi thupi lake, pamakhala gasiketi. Ntchito yake ndi kulekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Ikapsa, zitatuzi zimalowerana. Dzira silifika kumeneko, achemwali.

Musangomvera ine, yesani nokha. M'mawa injini ili yozizira, ndati yozizira, chifukwa yotentha imalavulira munthu madzi kumaso, Davie atsegule chotsekera cha rediyeta, adzaze madzi, alize. Inu muime pomwepo muziyang'ana. Maso a Davie sindikuwakhulupirira, anakonda kale makaniko wake uja. Mukaona thovu likungotuluka osaleka ngati thobwa losasa, umenewo ndi mpweya wochokera ku mapisitoni. Akazimitsa asolole kawaya koyezera oyilo. Oyilo wa dizilo amakhala wakuda bii. Mukapeza akuoneka ngati tiyi wamkaka, musavutikenso kufunsa munthu, gasiketi yapsa.

Pempho langa ndi limodzi, galimotoyo isachoke pakhomo. Kiyi mulande ndinu, mumange kunsonga ya chitenje, ngakhale alire. Akuti Loweruka akufuna kukatenga akuchimuna ku Mpama maulendo awiri. Ikakafera pachitunda akuchimunawo ali pamwamba ndi madengu awo, manyazi adzagwera ine malume, osati a pa Namadzi. Ndiponso ikatenthanso kamodzi hedi ikhoza kung'aluka, pamenepo Davie wabwerera ku njinga.

Gasiketi ndagula kale, themositati yatsopanonso ili m'chikwama. Ndikwera basi Lachitatu, Lachinayi m'mawa titsegule. Hedi ikapezeka yopindika tithamangira nayo ku Limbe akaipale pamakina, Lachisanu timange. Nthawi ndi yochepa koma ikwana.

Tsopano pofika apa Davie atalikire, owerenga atsitse mawu.

Ndazungulira nthawi yaitali, a Chrissy mpaka aika cholembera pansi. Hedi ya dizilo ndi yolemera, ndipo mabawuti ake amafuna dzanja losanjenjemera. Anga manja chiyambire chaka chatha sakundimvera. Kugalaja kuno masiku ano ndimangoloza, omanga ndi ena. Sindinauzepo munthu aliyense kumudziko. Davie sangathe, amamanga bawuti ngati akumanga mbuzi. Ndiye tumani munthu pa Namadzi akaitane Ahmedyo, abwere Lachinayi ndi masipanala ake. Koma akanene bwino: aitana ndi a Kalisto, malume ake a Davie, amene afika kuchokera ku Mzuzu. Asabwere ngati wodzandiphunzitsa. Sipanala agwira iye, koma bawuti yoyamba ndi yomaliza ndiloza ndine.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Tracy mumuuze kuti malume ake sangalephere, kwa akazi a Davie ndi adzukulu onse. Davienso mumupatse moni, ngakhale ali ndi madokotala ake.

Ambuye akusungeni mpaka tionane pakhomopo.

Ndine mlongo wanu,
Kalisto.