Loko wa Kabati ya Mankhwala

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja unasiya kukuvutani. Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Lachiwiri masana, bambo wina m'wodi yathu atangobayidwa jakisoni, milomo inatupa ndipo anayamba kubanika. Ndinathamangira kukabati ya mankhwala a pangozi, ndinaipeza yokhoma. Kiyi anali m'thumba mwa asisitala, namwino wamkulu wathu, amene anali atapita kukadya. Adokotala foni sankayankha. Mkazi wa bamboyo anandigwira yunifolomu, amvekere, "Mwanangu, ukungoyang'ana?"

Ndinanyamula chitsulo chokolekapo diripi n'kuthyola lokoyo. Ndinam'baya mankhwala bamboyo monga anatiphunzitsira kusukulu, ndipo mpweya unabwerera. Dzulo watuluka akuyenda yekha.

Asisitala anabwera akutokosa m'mano. Mawu awo oyamba anali akuti, "Mwezi umodzi wokha pantchito, wayamba kale kuswa katundu wa chipatala?" Za wodwalayo sanafunse n'komwe. Andilembetsa lipoti, ndipo Lolemba ndikaonekera kwa akuluakulu. Akuti ndikapepese. Azakhali, ndipepese chiyani? Kodi loko ali ndi mkazi ndi ana? Kupepesa kokha ayi.

Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa.

Palinso nkhani ya mayi wina amene anagona pabedi lapakona, sabata yanga yoyamba. Tsiku limenelo ndinatsata lamulo, ndinadikira kiyi. Imeneyo ndidzakuuzani pamaso, papepala ikundikanika.

Lolembalo mundikumbukire m'mapemphero.

Ndine mwana wa mchimwene wanu,
amene munkamuti wamanthayu.