Musayatse Magetsi

Amake Pilira,

Musayatse magetsi. Ndazimitsa pa switchi yaikulu, ndipo pakhale choncho mpaka ndibwere, chifukwa madzi alowa mu soketi ya kuseri kwa wailesi.

Ndathamangira kuchipatala ku boma ndi bambo anu. Aterereka pabalaza, agwera chiuno, moti mwendo wakumanzere akukanika kuupondetsa. Mutu sanamenyetse ndipo akulankhula bwinobwino, ndiye mtima ukhale m'malo.

Zachitika chifukwa cha kamakina kanu kothirira maluwa kaja. Inu mutangonyamuka kupita kusukulu, iwo aona kachitsulo koyeza chinyezi kali m'dothi la maluwa a pabalaza aja, ayesa ndi foloko yomwe ana anaiwala. Akazula, akatsuka, akapukuta bwinobwino n'kukaika pawindo. Kamakinako pomva kuti kwauma, kayamba kupopa osalekeza. Ine pochokera kudimba ndapeza chigubu chonse chathera pansi, iwo ali chigonere m'madzimo, akunjenjemera ndi chisanuchi.

Foni yanga yagwera m'madzi powadzutsa, yazimiratu. Muimbe ya a Collins, ndi omwe atitenga pagalimoto yawo ya mbatata ija. Pilira asalowe pabalaza musanakolope. Mutenge bulangete, jekete lawo ndi kabuku kawo kakuchipatala, mukakwere minibasi pa Chimbiya, mutipeze.

Pepani, ndinawasiya okha nthawi yaitali. Koma chonde mukafika musawakalipire. Akuchita manyazi kwambiri, ndipo chiwadzutsireni akungondifunsa chinthu chimodzi: ngati maluwa a mwana wawo sawola mizu.

Ndine,
Kenan