Mungu pa nthenga ya nkhuku

Lachinayi, 13 Febuluwale, ku Chisenga. Tsiku la mitambo yopanda mvula.

Dziko lonse limve: lero ine, mwini digiri ya zaulimi, ndayamba ntchito ya njuchi. Kuyambira m'mamawa ndakhala chogwada m'munda wa amama, nthenga ya nkhuku m'manja, kutapa mungu m'duwa lalimuna la dzungu n'kupaka m'lalikazi. Njuchi imagwira ntchitoyi ikuimba, ine ndimabuula msana.

Juma, wa ku Tanzania wogula nyemba uja, anaimika njinga yamoto pamsewu.

"Habari, bwana digiri! Mukusaka chiyani m'maluwamo?"

"Ndikunyamula mungu."

Anaseka mpaka kutsokomola, poti kwawo Mungu ndi Mulungu. "Pa nthenga? Mumugwire bwinotu, asagwe!"

Amama sanaseke. Anangoti, "Mwana wane, kale ameneyo ankayenda yekha."

Akunena zoona. Ndine ndinapopera mankhwala nyemba zili pamaluwa, masanasana njuchi zili piringupiringu. Amama anandiletsa, ine n'kuwakumbutsa kuti ndinapita kusukulu. Mawa lake tinasesa njuchi ndi tsache. Ming'oma itatu imene anatisiyira malemu adada ili zii mpaka pano.

Timaungu tikungofota n'kuthothoka tisanakule, chonsecho ndi maungu amenewa amatifikitsa pokolola chimanga. Nthenga yanga siyingamalize munda wonse, ndikudziwa.

Za ming'omayo amama sanatchulepo ngakhale kamodzi. Masiku ano popita kumunda amazungulira njira ya kudambo kuti asaione. Bola akanandikalipira.