Mukafika Musanene Odi

Harare, Salisbury
9 Ogasiti 1954

Akulu anga a Keziah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Yofuko. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ine kuno sindili bwino, ndipo sindinama kuti ndili bwino pongofuna kukometsa kalata.

Mudabwa kuona dzanja langa patapita zaka zitatu. Musaganize kuti ndaiwala. Makalata amene a Frederick ankandilembera tisanakwatirane munawatulutsa m'bokosi langa n'kuwawerengera azimayi pamtondo, iwo akufa nako kuseka. Ndikukumbukabe ngakhale amene anaseka koposa. Koma lero ndilibe wina womulembera.

Mwana ndi wamkazi, dzina lake Marian, ali ndi milungu isanu ndi umodzi. Akuyamwa bwino, wanenepa. Wodwala ndine. Chibadwire iye, makutu anga ali ngati chilonda chosamanga. Sipuni ikagunda kapu ndimamva m'mano. Pulayimasi yophikira ikamalira ndimatuluka thukuta. Malata akamathetheka ndi dzuwa, sitima ikaliza wezulo, mnansi wathu akaika galamafoni yake ya mbale imodzi yomweyomweyo, mtima umagunda ngati wina akundithamangitsa. Ndipo ichi ndilemba kamodzi kokha: choopsa kuposa zonse ndi kulira kwa Marian mwini wake. Ndimamukonda, akulu, koma akayamba, ndimaopa kumunyamula.

Milungu iwiri yapitayo anandiperekeza kutchalitchi kukathokoza, monga timachitira mayi akatuluka m'chikuta. Ndinagwada bwinobwino. Atangoliza kabelu ka paguwa, anthu n'kuyamba nyimbo, ndinasiya mwana m'manja mwa mayi wosamudziwa n'kuthawira panja nditagwira makutu. Ine amene ndinakula belu la tchalitchi cha ku Chipyela likulira pamutu panga!

Alamu anga a Dorica, mlongo wawo wa a Frederick, anagamula pomwepo kuti ndili ndi chiwanda choopa nyimbo za Mulungu. Ndiye mankhwala ake mukuwadziwa? Masana aliwonse akumabwera ndi azimayi asanu ndi atatu a kwathu komweko, kudzaza kachipinda kathu kamodzika, n'kumaimba kuti chituluke. Akaona ndikulira amakweza mawu, ati chayamba kumva. Lachiwiri ndinawauza kuti chiwanda chilichonse chikanathawa kale ndi mawu a Dorica, ndipo ngati chilipobe ndiye kuti n'chogontha. Sanaseke. Anati amene akuyankhulayo si ine.

Ndinayamba kutseka makutu ndi thonje n'kumangapo duku. Apa ndiye ndinalakwa. Lachinayi ndikuchapa matewera kuseri, Marian analira mpaka kusasa mawu, ine osamva. Anamupeza ndi a Dorica.

Tsopano a Frederick, amene poyamba ankavula nsapato pakhomo n'kumanong'ona, atopa. Avomera zimene wanena mlongo wawo: mwezi wa mawa ukatha ndisanasinthe, mwana apita kwa a Dorica kukamwa mkaka wa m'chitini, ine andipereka kuchipatala cha amisala. Ndinawafotokozera m'Chinyanja, ndinawafotokozera m'Chingerezi. Ati amisala ophunzira amayankhula bwino chomwecho.

Akulu, ndikukumbuka mutabereka Basil. Munachoka ku Chipyela kukakhala kwa azakhali ku Mbungo, mukuswera m'munda wa chinangwa, ndipo wina akagwetsa mbale munkabisa mutu m'nsalu. Ine ndinali wapasukulu, ndinakunenani pagulu kuti ndi ulesi wothawa mtondo. Kaya ndi chifukwa chake munadzawerenga makalata aja, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munachira, ndipo Basil munamulera nokha, palibe anakulandani. Zinatenga miyezi ingati? Munkatani akamalira?

Pempho langa ndi limodzi. Bambo Jeremiah amene akupatseni kalatayi akhala kumeneko milungu itatu, kenako abwerera kuno, pa Ilala mpaka ku Chipoka, kuchoka apo sitima ya pamtunda. Mubwere nawo. Za ulendo ndakambirana nawo kale. Musandiyankhe ndi kalata, a Dorica adzati ndadzilembera ndekha. Ndikufuna mudzaime pamaso pa a Frederick, inu mayi wa ana anayi wa mutu wake wabwinobwino, muwauze ndi pakamwa panu kuti zimenezi zimatha. Mukatero mukhale pakhomo, muzibweza oimba aja. Pakamwa muli napo, ndinapaona ntchito yake.

Amayi musawauze za chipatala. Mungowauza kuti mdzukulu wawo watengera chipumi chawo. Moni kwa iwo, kwa alamu, kwa azakhali ku Mbungo, kwa malume a Laban, ndi kwa Basil ndi azing'ono ake.

Za makalata aja sindinakukhululukireni, ndipo sindinama pofuna kuti mubwere. Tidzakangana ndikachira, mokweza mmene mungafunire. Koma bwerani, akulu. Nyumba ndi ya nambala 212, pafupi ndi mpopi. Mukafika musanene odi, musamuimbire mwana nthungululu. Mungokankha chitseko pang'onopang'ono.

Ndine mng'ono wanu,
Evelina