Grand Wachisanu wa a Malachy

Lachinayi, 6 Malichi

Mvula chiyambire m'mawa. Nkhosa ziwiri zaswa, ina mapasa. A Malachy, amuna anga, apitanso kutauni ku Castlebar. Shati yoyera, nsapato za ku Misa. Lachinayi loyamba la mwezi, kachitatu tsopano. Ati kukagula mankhwala a nkhosa. Abwera chimanjamanja, atavala magalasi akuda. Magalasi akuda kuno ku Mayo, kumene dzuwa tinatsanzikana nalo mu Okutobala!

Ndawafunsa za ulendo. "Grand."

Kuno aliyense ali grand, kutanthauza kuti ali bwino, ngakhale wothyoka mwendo. Koma zaka 34 m'banja, ma grand a bambowa palibe angandiphunzitse. Alipo anayi. Wamfupi, wodula: ndisiye. Wautali, akusisita mimba: chakudya chakoma. Wonena akukokera mpweya m'kati: zavuta, koma sitifa. Wachinayi, maso ali pansi: bodza.

Walero sali mwa anayiwa. Anena akuyang'ana pambali pa khutu langa.

Lachisanu, 7 Malichi

Nsomba, poti ndi Lenti. Ndakameta tsitsi kwa Assumpta, ndalifiiritsanso. Ndaima pakhomo pa khola ngati chitsiru. "Mwaona bwanji?" Iwo: "Grand." Osafunsa n'komwe kuti aone chiyani.

Assumpta, sizasi ili m'manja: "Dzulo galimoto ya Concepta Lavelle inadutsa kulowera kutauni. Amene anakhala kutsogolo ngati ndikuwadziwa." Kenako n'kudikira kuti ndifunse. Sindinamupatse mpata umenewo. Wawonjezera yekha kuti galimoto yathu imatsala kuseri kwa holo ya parishi mpaka madzulo.

Concepta. Wamasiye. Wa kwaya, mawu ngati chitseko chosowa mafuta. Utsi sufuka popanda moto.

Lamulungu, 9 Malichi

Ku Misa a Malachy akana kuwerenga Mawu. Zaka makumi awiri akuwerenga, lero ati chifuwa. Sanatsokomole ngakhale kamodzi. Chikumbumtima, basi.

Potsika masitepe Concepta anacheuka kawiri kuwayang'ana. Ine ndinamumwetulira mpaka masaya kuwawa.

Ciara, mwana wathu, waimba kuchokera ku Perth. "Adadi ali bwanji?" Ndati grand. Wachinayi uja, maso ali pansi. Mwayi pafoni saona.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kamwana ka nkhosa kafera mu ngalande. Iwo anadutsa pomwepo m'mawa, osakaona. Munthu amene ankazindikira nkhosa yotsimphina ali kutsidya kwa phiri. Tiyi athira pambali pa kapu. Mtima ukakhala kwina, manja amaulula.

Ndapisa m'matumba a jekete. Ine, mayi wa zaka 59. Magalasi aja, ndi masiwiti oyera amene Concepta amayamwa mu kwaya. Ndakwiya, koma kwenikweni ndikuopa.

Ndafunsa kamodzi, pa chakudya: "Muli bwino inu?" Wachisanu yemwe uja, wa pakhutu. Ndawaleka. Chilungamo sindipempha chogwada m'nyumba mwanga. Sutikesi ndaitsitsa pamwamba pa wadiropu. Mchemwali wanga ku Sligo ali ndi chipinda.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndapita kwa Concepta. Wati tiyi, ndakana. Wanenanso, ndakana. Kachitatu ketulo inali itawira kale, ndalandira. Mdani kapena ayi, amayi anandilera.

Ndamufunsa mosapsatira. Manyazi olo pang'ono. Mawu ake akundilirabe m'mutu:

"Iwe Nuala, mwamuna wako ndikatani naye? Mmodzi anandikwana, ndipo ndinamuika m'manda. Mu Januwale ndinapeza galimoto yanu itaima m'mbali mwa msewu, mkuluyo atangogwira chiwongolero. Ndinafunsa, ati grand. Ndinafunsanso, grand. Ndinazimitsa injini n'kufunsa kachitatu. Zinazo ndinalumbira, akakuuza okha. Iweyo wawafunsa kangati?"

Kamodzi. Tsiku lililonse kamodzi. Wobweretsa makalata ndimamukakamiza tiyi katatu, poti kuno wovomera koyamba n'ngosaleredwa. Mwamuna wanga, kamodzi.

Kapena anagwirizana zonena. Amatha awiriwa. Sutikesi ikadali pansi.

Lachinayi, 13 Malichi

Masana, m'khola. A Malachy anali akuyamwitsa kamwana ka nkhosa kamasiye ndi botolo, akufufuza kukamwa kwake ndi chala. Ndatseka chitseko, ndakhala pa ndowa.

Ndafunsa koyamba. "Grand."

Kachiwiri. "Ndati grand, mayi iwe, wagontha?"

Kachitatu ndafunsa motsitsa mawu. Ndipo ayankha:

"Pakati pa nkhope yako pali mdima, Nuala. Ndimangoona makutu ndi kolala. Ndi tsitsi lofiiralo, limene silikukukhala."

Diso lamanzere lapita. Lamanja amalibaya jekeseni kuchipatala mwezi ndi mwezi kuti lichedwe kutsatira linzake. Akabayidwa sangayendetse, kuwala kumawalasa, n'chifukwa chake Concepta amawatenga pa galimoto yake, iwo atavala magalasi aja. Ankaopa kuti ndikamva ndiuza Ciara, Ciara asiya ntchito, nkhosa zigulitsidwa, iwo atsala pampando pafupi ndi wailesi. Ati ankayembekeza kuti ndiwakakamiza. Ati usiku ndi usana yankho linali lokonzeka, kungosowa funso lachitatu.

Ndawatukwana. Chitsiru, nkhutukumve, nkhalamba yopanda nzeru. Ndawauza kuti pa 3 Epulo, tsiku la jekeseni wotsatira, woyendetsa ndine, makiyi andipatse lero. Andipatsa. Za sutikesi sindinanene. Akhala akuidutsa masiku awiri kuchipinda osaiona.

Kenako iwo: "Nanga iwe, uli bwanji?"

Ndati grand.

Aika botolo pansi. Atembenuzira mutu kumbali, pang'onopang'ono, mpaka andipeza ndi kona ya diso.

"Kameneko n'koyamba," atero.